Kudzutsa CBR600 yakale pakhonde: mafunso omwe mumandifunsa ndi mayankho ake

Chilirireni njinga ija anthu sakundipatsa mtendere. Pothira mafuta, ku ukwati, tsiku lina mpaka pamaliro munthu kundikokera kuseri kwa tenti nkuyamba, "achimwene, inenso ilipo ina kwa amalume yakhala zaka, ingadzuke?" Nde ndati ndingolemba kamodzi basi. Njinga yomwe ndikunena ndi Honda CBR600F ya 1993, ambiri amangoti F2. Ine si makaniko wa pepala ayi, ndinaikonzera pakhonde Loweruka ndi Loweruka, zina ndinaphunzira nditaononga kaye.

Kodi F2 yo ndi njinga yanji, ndipo bwanji munasankha imeneyo?

Kusankha sindinasankhe, ndinangoipeza itafunditsidwa chilona kuseri kwa nyumba ina, nkhuku zikuikira pansi pake. Mwini wake anabwera nayo kuchokera ku Joni, inavuta pang'ono, iye nkubwerera konko, njinga nkutsala.

Koma mwayi unalipo chifukwa ndi njinga yabwino kuphunzirirapo. Honda inayamba CBR600F mu 1987, F2 inatuluka 1991 mpaka 1994, kenako F3 kuyambira 1995 mpaka 1998, F4 mu 1999, ndipo F4i ya 2001 ndi yomwe inasiya makabureta, zosakanizira petulo ndi mpweya zija, nkupita ku injection, yopopera mafuta molamulidwa ndi kompyuta. Injini yake ndi 599cc, masilinda 4, mavavu 16, imazizira ndi madzi, magiya 6, mphamvu pafupifupi 100 horsepower. Mukayerekeza ndi za kabaza za 125 kapena 150 zija muona kuti apa tikukamba chilombo china. Ubwino wake ndi woti mulibe zambiri zofuna kompyuta, pafupifupi chilichonse mutha kuchimasula, kuchiona ndi maso nkuchimvetsa. Komanso anapanga zambirimbiri nde masipeya akadalipo padziko, zina za F3 zimalowa, ndipo Hornet 600 yoyamba ya 1998 ija injini yake inachokera ku F3 komweko.

Ndaipeza ina yotchipa, ndiyambe kuona chiyani ndisanapereke ndalama?

Mapepala. Osati penti, osati kulira kwa ekizozi, mapepala. Nambala ya fulemu ili pakhosi pa njinga, pomwe mafoloko amazungulirira, pa F2 mupezapo PC25. Ipukuteni ndi kansanza muiwerenge nokha, muifananize ndi yomwe ili pa blue book, ya injini chimodzimodzi. Ngati njinga inalowa kuchokera kunja funsani umboni woti MRA inalandira zake komanso police clearance. Mukamva zoti "mapepala ali kwa mkulu wanga abwera mawa", dziwani kuti mukugula masipeya osati njinga, ndipo mtengo wake ukhale wa masipeya. Pali anthu anathera chaka pa njinga, yakongola bwinobwino, koma imangozungulira m'makwalala a kwawo madzulo ngati mbava chifukwa ku Road Traffic singalembetseke.

Mukathana ndi zimenezo nde muone ngati injini ikuzungulira. Chotsani mapulagi, ikani giya 6, kankhani pang'ono. Ikamazungulira mofewa ndi bho. Ikakana ngati mwala, mapisitoni agwirana ndi masilinda, ntchito yake ndi ina ndipo kwa woyamba kumene ndingati isiyeni. Onaninso oyilo, akakhala ngati tiyi wamkaka ndiye kuti madzi analowa. Pomaliza gwadani muone tizitsulo tomwe timaletsa chiwongolero kupitirira, pansi pa khosi paja. Tikakhala tothyoka kapena towotcherera, njingayo inagwapo kwambiri kaya mwini wake alumbire bwanji.

Bwanji osangoika batire ndi petulo nkuona ngati ilire?

Aliyense amafuna zimenezi, inenso chala chinkandiyabwa. Koma njinga yoti yakhala zaka, oyilo yense anatsikira pansi, kumtunda kuli gwa, nde mukailiza zitsulo zimakhulana zouma. Thirani timadontho ta oyilo m'mabowo a mapulagi, igone usiku, sinthani oyilo ndi fyuluta, kenako muizungulitse ndi sitata mapulagi mulibe mpaka kagetsi kofiira ka oyilo kazime. Ndipo musanatero tsegulani bokosi la mpweya lili pansi pa thanki. Mwanga ndinapezamo chisa cha makoswe, fyuluta ataidya theka, makoko a mtedza okwana kudzaza chipewa, ndipo ku ekizozi mavu aja omanga ndi dothi anali atamanga mudzi wonse. Zonsezo zikanalowa mu injini tsiku loyamba.

Thanki yachita dzimbiri mkati, ndigule ina?

Walitsani tochi kaye. Ngati ndi dzimbiri la pamwamba chabe, losaboola, imatsukika. Ine ndinachotsa mpopi wa mafuta wa pansi uja, kutseka bowo, kuponyamo manati ndi mabawuti odzaza dzanja (awerengeni polowetsa kuti atulukenso onse, ine imodzi inandivutitsa madzulo onse), nkukhutchumula mpaka mikono kuwawa. Kenako ndinadzaza viniga woyera wa m'shopu, masiku atatu ndikumaitembenuza, zomwe zinatuluka zinali ngati madzi a mumtsinje mvula yoyamba. Tsukuluzani ndi madzi a soda kuti asidi afe, umitsani msanga padzuwa, ndipo tsiku lomwelo muthiremo mafuta, mukachedwa dzimbiri limabwerera mukuona.

Ikakhala yoboola musaipereke kwa wowotcherera wa pamsika ikununkha petulo. Thanki yopanda mafuta koma ya fungo ndi yomwe imaphulika.

Chinanso, F2 ilibe pampu ya mafuta, amangotsika okha, ndipo mpopi wake umatseguka ndi kukoka kwa injini kudzera pa kapaipi kakang'ono. Kapaipi kameneko kakang'ambika mafuta safika, inu nkumatukwana makabureta osalakwa.

Makabureta anayi! Ndingawathe ine?

Mungawathe, ndipo apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, nde ndikhalitsapo.

Njinga zakalezi zambiri sizinafe ndi kuyenda ayi, zinafa ndi kukhala. Petulo akakhalitsa amauma nkusiya zomata ngati vanishi, ndipo wathu kuno amasakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe, zinayamba kale mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa, pano inanso ili ku Chikwawa. Ethanol poyenda alibe vuto lalikulu, koma akakhala amakoka chinyontho komanso amaumitsa labala wakale. Nditatsegula kabakuli koyamba ka pansi pa kabureta fungo lake linali ngati penti wowola, mkati mobiriwira, ma jet, tizitsulo ta timabowo todutsa mafuta, atamera zinthu ngati ndere. Mayi a kunyumba anachita kutuluka kukhitchini kudzafunsa chafa ndi chiyani.

Njira yanga inali iyi. Jambulani ndi foni chilichonse musanamasule, paipi iliyonse, kebulo iliyonse. Pezani thireyi ya mazira, mzere umodzi kabureta imodzi, osasakaniza, chifukwa si nthawi zonse zamkati zimafanana pakati pa ziwiri za m'mbali ndi ziwiri za pakati. Musawalekanitse anayiwo pa chitsulo chomwe chawagwira pokhapokha ngati timapaipi ta pakati pawo tikudontha, kuwabwezeretsa ndi timasipuling'i take ndi ntchito yotukwanitsa. Masikuluu ake amaoneka ngati a sitala wamba koma ndi a ku Japan otchedwa JIS, sikuludiraiva wamba imaterereka nkudya mutu, nde ngati mulibe ya JIS gwiritsani yothina bwino, kanikizani mwamphamvu nkuigogoda kaye pang'ono.

Chomwe chimatseka kwambiri ndi pilot jet, kabowo kake kochepa kuposa nsonga ya singano, ndipo ndi kamene kamadyetsa injini ikamalira payokha. Njinga yomwe imalira ndi choko chokha, chothandizira kuliza injini yozizira chija, mukabweza choko nkuzima, ndi kameneka. Ivikeni mu mankhwala otsukira kabureta, pitsanimo kaulusi kamodzi ka waya wa kopa wofewa, muiyang'anitse kudzuwa mpaka muone kuwala kozungulira bwino. Singano kapena waya wolimba ayi, mukulitsa bowo. Sikuluu ya mixture, yosinthira kasakanizidwe ka mafuta ndi mpweya, musanaichotse ipotozeni kulowa mkati mofatsa mukuwerenga, mpaka ingogunda, lembani, pobwezera muibweze chimodzimodzi. Kumbuyo kwake kuli kasipuling'i, kawashala ndi ka O-ring kochepetsetsa, ndipo kamodzi kanga kanagwera mumchenga, ine ndi mwana wanga tinasefa mchengawo ndi sefa ya ufa.

Pamwamba pali malabala opyapyala ngati chipewa, ma diaphragm. Awa asakhudze mankhwala otsukira, amafufuma. Ayang'anitseni kudzuwa mukuwakoka pang'onopang'ono, kabowo kangakhale kamodzi njinga imakana kukoka pamwamba. Ndipo malabala okhuthala olumikiza kabureta ku injini aja amakhala atauma ngati mtengo, avikeni m'madzi otentha kuti alole kulowa, koma akang'aluka gulani ena, amayamwa mpweya wakuba ndipo simudzaipeza idle yokhazikika, kulira kwa injini payokha kuja.

Ikalira pamafunika kuwalinganiza anayiwo kuti azikoka mofanana. Mageji ake alipo ogula, ine ndinapanga zanga ndi paipi yoonekera mkati ndi oyilo pang'ono nditaikhomera pa thabwa, ziwiriziwiri. Ikakhala bwino imakhazikika pa marevu cha m'ma 1,200 ndipo kulira kwake kumasintha, mumachita kumva kuti tsopano anayiwa akuyankhulana.

Yalira, koma batire ikumangotha. Ndagula kale ziwiri

Lekani kugula mabatire bwana, vuto si batire. Ma Honda a zaka zimenezo amadziwika ndi kufa kwa regulator, kabokosi komwe kamasandutsa magetsi a injini kuti alowe mu batire. Gulani multimeter, choyezera magetsi, ngakhale yotchipa ya mu Limbe imagwira. Batire yabwino itapuma izionetsa mavolti cha pa 12.6, injini ikamalira pa marevu 5,000 izikhala pakati pa 13.5 ndi 14.5 kapena kuposera pang'ono. Ikamangokhala pa 12 sikutchaja, ikamadutsa 15 nkumapitirira ikuphika batire ndi mababu omwe.

Tsatani mawaya atatu achikasu ochokera ku stator, chopanga magetsi cha mu injini, mufike pa pulagi yake. Yanga inali itasungunuka, yabulawuni ngati shuga wopserera, wina atakulungapo tepi nkusiya. Yezani achikasuwo awiriawiri, azifanana, ndipo pasapezeke ndi imodzi yomwe yolumikizana ndi bodi ya injini, ikalumikizana ndiye kuti stator yapsa. Ambiri amaikamo regulator ya mtundu wa MOSFET yochokera ku njinga zatsopanoko chifukwa situtentha kwambiri, ndi zomwe ndinachita ine nditaotcha kaye ina yotchipa yopanda dzina m'milungu itatu. Batire yake ndi YTX9-BS.

Za kulumikiza mawaya pongopota ndi mano nkukulunga pepala la shuga, chonde, siyirani ena.

Mu injini mukumveka kuti tcheketcheke, yatha?

Kawirikawiri ayi. Mukamva ngati mwaika timiyala m'chitini, makamaka mbali ya kumanja, pa marevu ena ake kenako nkusiya, ameneyo ndi tensioner, kachipangizo kokunga tcheni cha mkati chomwe chimayendetsa ma cam, zitsulo zotsegula mavavu zija. Ndi matenda a pamtundu pa ma CBR600, amasintha ndi mabawuti awiri basi. Osaizengereza koma, tcheni chikadumpha mavavu amakumana ndi mapisitoni.

Mavavu nawo ayezeni ngati simukudziwa kuti anayezedwa liti, Honda imati pa makilomita 24,000 aliwonse. Injini ikhale yozizira, olowetsa 0.16 mm, otulutsa 0.22 mm, kusiyana kololedwa 0.03. Kuyeza nkosavuta, koma kusintha kumafuna kuchotsa ma cam chifukwa ma shim ake, tizitsulo tosinthira mpatawo, ali pansi, nde apa ngati mtima ukugunda itanani munthu woti anachitapo, inu muzimugwirira tochi nkumaphunzira. Ndipo dziwani kuti vavu yoopsa ndi yothina, yomwe siimveka nkomwe, osati yaphokoso.

Nanga masipeya mumawapeza kuti kuno?

Funso lomwe limabwera kwambiri ndi limeneli, ndipo yankho lake ndi loti malo amodzi palibe.

Choyamba phunzirani kufuna chinthu ndi nambala yake osati ndi dzina. Pa intaneti pali zithunzi za Honda zosonyeza chidutswa chilichonse ndi nambala yake, monga pa CMSNL ya ku Netherlands, kuona ndi ulere. Mukakhala ndi nambala mumazindikira kuti chinthu chomwecho chinalowanso pa njinga zina zingapo, nde msika wanu wakula. Mukangolowa m'shopu nkunena kuti "ndikufuna silo ya CBR" akuuzani kuti kulibe, kapena choipa kwambiri akupatsani china nkukutsimikizirani kuti ndi chomwecho.

Pali zinthu zomwe si za Honda kwenikweni. Mabering'i a mawilo ali ndi nambala yawo yolembedwa m'mbali, pitani nayo kwa ogulitsa mabering'i a mafakitale mu Blantyre kapena Lilongwe, mupeza abwino kuposa a m'kabokosi kojambula njinga. Mafyuzi, mababu, mapaipi a mafuta, ma O-ring, mabawuti, zonsezi zilipo konkuno, ku Ndirande kapena kwa Biwi mukayenda ndi chakalecho m'thumba mubwera nacho. Mapulagi ndi NGK CR9EH-9, koma samalani abodza achuluka, mtengo ukatsika modabwitsa dabwani ndithu.

Zina nde zochokera kunja basi, monga zamkati mwa kabureta, masilo a mafoloko ndi a mabuleki, tensioner, magasiketi. Ku South Africa njingazi zinagulitsidwa zambiri ndipo kuli malo ophwasula njinga zakugwa, nde m'bale wa ku Joni kapena Cape Town ndi chuma, bola mumutumizire nambala ndi chithunzi, osati voice note yofotokoza kuti "kachitsulo kokhota kaja". Ku UK kuli Wemoto ndi David Silver Spares omwe amasunga za ma Honda akale, pa eBay pamapezekanso zambiri. Vuto ndi forex ndi mtengo wotumizira. Ine kugwa kwa kwacha kwa 44% mu November 2023 kunandipeza ndili ndi mndandanda m'manja ndikudikira malipiro, mndandanda womwewo mwezi wotsatira unasanduka wina. Phunziro lomwe ndinatolapo ndi loti musamaitanitse kamodzikamodzi, phwasulani njinga yonse kaye, lembani zonse, ziyende ulendo umodzi, ndipo muikiretu padera ya msonkho.

Za njinga za kabaza sizingalowe? Zili paliponse komanso zotchipa

Zina zimalowa, magalasi, ma indicator, hutala, kebulo mwina mutaisintha pang'ono. Koma tcheni, mabuleki ndi matayala ayi, ndipo apa sindiseka. Tcheni cha kabaza chinapangidwira injini yaing'ono, F2 imafuna cha 530 cha ma O-ring, ndipo chimasinthidwa pamodzi ndi masipuloketi onse awiri. Tcheni chikaduka pa liwiro chimaswa injini kapena mwendo wanu, kapena kukulunga wilo ya kumbuyo.

Zogwiritsidwa kale ntchito zili bwino kapena ndizigula zatsopano zokhazokha?

Lamulo langa ndi lophweka, chachitsulo ndi chapulasitiki gulani chakale, chalabala gulani chatsopano. Mawilo, ma lever, zopondera, mpando, mawotchi, redieta, kaunjika ali bho. Koma silo yakale ndi yakale basi ngakhale ichokere ku Japan, zaka 30 ndi zomwezo.

Oyilo wa galimoto ndingathire?

Ayi. Kilatchi ya njinga imasambira mu oyilo yemweyo wa injini, ndipo oyilo wambiri wa galimoto za masiku ano ali ndi zoterereretsa zomwe zimapangitsa kilatchi kuterereka. Funani 10W-40 wolembedwa JASO MA kumbuyo kwa botolo, malita anayi akukwanirani nkutsalako pang'ono. Wa m'mabotolo a Fanta wa m'mbali mwa msewu uja musayerekeze.

Ku redieta nakonso madzi a pamjigo ayi, amasiya miyala mkati. Coolant weniweni, ndipo muone pansi pa pampu ya madzi pali kabowo kakang'ono, kakamadontha ndiye kuti silo ya mkati yatha. Dikiraninso muone ngati fani ikuyaka injini ikatentha, musadzazindikire muli pa mzere wa mafuta mwezi wa October.

Matayala akadali ndi mapanga ambiri, ndisinthirenji?

Chifukwa tayala limakalamba ngakhale lisanayende. M'mbali mwake muli manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT, awiri oyamba ndi sabata awiri omaliza ndi chaka, nde 2314 ndi sabata ya 23 ya 2014. Mukapeza atatu okha tayalalo ndi la chaka cha 2000 chisanafike, likapangidwe nkhwaira basi. Anga ankaoneka atsopano koma chikhadabo sichinkalowa, olimba ngati mbale ya pulasitiki. Saizi yake ndi 120/60 kutsogolo ndi 160/60 kumbuyo, onse a 17, mpweya 2.5 ndi 2.9 bar.

Mabuleki muwaphwasule onse, musangosintha mapadi. Mafuta a buleki amayamwa madzi, nde pakapita zaka mumapeza phala loyera kuseri kwa masilo lomwe limagwira mapisitoni, njinga nkumalemera poikankha. Tulutsani mapisitoni, palani m'ngalande mwa masilo ndi kamtengo kapena pulasitiki, masilo atsopano, mafuta a DOT 4 a m'botolo losatsegula. Asadonthere pa penti amadya. Pa disiki palembedwa kuchepa komwe ikuyenera kulekezera, yezani. Mafoloko nawo onani ngati chitsulo chonyezimira chija chili ndi timabowo ta dzimbiri pomwe silo imadutsa, chifukwa mukaika silo yatsopano pa chitsulo chokhakhala sabata siitha ikudonthanso, ndipo mafutawo amatsikira pa buleki.

Mapulasitiki ndi osweka, penti inatha. Ndiyambire pamenepo kuti izioneka?

Apa ndi pomwe ambiri amatayira njinga. Munthu amayamba ndi penti ndi masitika, ndalama nkuthera pomwepo, njinga yowala koma yosalira nkubwerera pansi pa chilona. Penti ikhale yomaliza. Ine ndinayenda miyezi iwiri ilibe mapulasitiki a m'mbali, anyamata a kabaza pa siteji akundiseka kuti adala mwaba injini ya chigayo.

Mapulasitiki ake ndi a ABS, ndipo amamatika bwino ndi ABS yemweyo. Dulani tizidutswa ta pulasitiki yakale ya mtundu womwewo, tiikeni mu botolo lagalasi ndi acetone, mawa lake mupeza phala, boolani kabowo kumapeto kwa mng'alu kuti usapitirire, pakani kuseri, dikirani liume, kenako msasa. Fibre ya magalimoto imagwira poyamba kenako imasendeka. Ziliponso seti zathunthu zochokera ku China zopentedwa kale, zimaoneka bwino patali koma mabowo ake konzekerani kuwakuza ndi felo.

Wopenta wina, dzina ndisunga, anandisungira thanki miyezi itatu, ulendo uliwonse "bwana kompuresa yavuta, magetsi kulibe", tsiku lomwe ndinakaitenga ndinapeza akukhalira podya chips. Nde perekani theka lokha la ndalama, ndipo muzipitako.

Ndikufunika zida zanji?

Si zambiri. Masoketi ndi masipanala a 8, 10, 12, 14 ndi 17, ma allen key, soketi yaitali yopyapyala ya mapulagi, feeler gauge yoyezera mpata wa mavavu, multimeter, ndi torque wrench yomangira bawuti mpaka pa mphamvu yoyenera, ngakhale yobwereka, chifukwa injiniyi ndi ya aluminiyamu ndipo dzanja lozolowera kumanga mabawuti a ngolo limadula ulusi, pulagi imangofuna 12 Nm basi. Buku la service la njingayo lipezeni, ndi lofunika kuposa chida china chilichonse. Mabigiri a margarine osungira mabawuti, lembani pa chivundikiro. Tochi ya pamutu ya nthawi yomwe magetsi apita. Ndipo 10 mugule ziwiri, imodzi isowa ndithu.

Zonse pamodzi zinakutherani zingati, nthawi yaitali bwanji?

Nambala sinditchula, kwacha ya nthawi imeneyo si ya lero komanso mayi a kunyumba amadziwa kuwerenga. Chomwe ndinganene ndi choti zokonzera zinaposa mtengo womwe ndinagulira njingayo, ndipo matayala, tcheni ndi mabuleki ndi zomwe zinadya kwambiri, osati injini. Ngati mukufuna kukonza kuti mugulitse mupeze phindu, gulani za kabaza ziwiri muike anyamata pamsewu. Nthawi inali chaka ndi miyezi inayi, koma yambiri mwa iyo inali yodikira katundu ndi yodikira malipiro, ntchito yeniyeni ya manja mwina Loweruka makumi atatu.

Khonde lija ndinalonjeza kuti ndilibweza pakatha mwezi umodzi. Mpaka lero pali banga la oyilo looneka ngati mapu a nyanja, alendo akabwera amaikapo mpando.

Yatha tsopano, ndingoikwera?

Laisensi kaye, ya A1 imalekezera pa 125cc, iyi imafuna A. COF, inshuwalansi, helemeti yeniyeni yotseka nkhope yonse osati chigoba cha pa kabaza chija, jekete, magolovesi ndi nsapato zobisa akakolo. Ngati moyo wanu wonse mwakwera 125, dziwani kuti iyi pansi pa marevu 6,000 imaoneka yofatsa ngati mwana wa abusa, ikadutsa 8,000 imasanduka ina, nde muizolowere pang'onopang'ono. Misewu yathunso mukuidziwa, maenje, mchenga pa kona, mbuzi, ma hump osapenta omwe amakhula pansi pa ekizozi, minibasi yoima pomwe yafuna.

Ulendo woyamba ukhale waufupi, zungulirani kufupi ndi kwanu, bwererani, gwirani madisiki ngati akutentha mwachilendo, suzumirani pansi ngati pakudontha, yezaninso batire, manganinso mabawuti. Wanga woyamba wautali unali wa ku Zomba m'mawa wa Lamulungu msewu uli phee, thumba lodzaza masipanala kumsana. Njinga sinavute kalikonse mpaka pa Namadzi pomwe inayamba kutsamwa nkuzima, ine mtima phaa, kuyamba kuwerenga m'mutu ma jet, regulator, kapaipi kaja, ndinali nditamasula kale mpando pomwe mnyamata wina wogulitsa nthochi anandiyandikira nkufunsa kuti "bwana, mafuta alimo koma?" Mpopi unali pa ON, sindinaupotoze kupita pa reserve kuti patsike mafuta otsalira pansi pa thanki.